Bakha Atasiya Kugwada

Galimoto ya abambo inali ndi khalidwe limodzi limene amayi ankadana nalo kuposa onse: m'mawa uliwonse inkapezeka itakhala pansi. Mbuyo yake inkatsika mpaka matayala kubisala, ngati nkhuku yofungatira mazira. Kuti inyamuke, munthu ankayenera kuliza injini n'kudikira. Kapampu kobisika pansi pa buti kankang'ung'udza, kudzaza mpweya m'matumba a rabala amene anali m'malo mwa masipuling'i, ndipo galimoto inkadzuka mwaulesi ngati munthu wa nyamakazi.

"Idikireni, amayi," ankatero abambo ali pakhomo. "Inunso simudzuka n'kuyamba kuthamanga."

"Ine ndimadzuka n'kuyamba kuchapa," ankayankha amayi.

Abambo anaigula chaka chimene anapuma ntchito ya mu ofesi. Anzawo onse ankagula zija zazitali za buti yotulukira kumbuyo, zoti zikadutsa aliyense adziwe kuti mwakwera bwana. Iwo anabwera ndi chinthu china. Kutsogolo inali ya mabwana ndithu: boneti yaitali, mipando yachikopa, injini ya masilinda sikisi yolira motsitsa ngati mphaka wokhuta. Koma kumbuyo inkaoneka ngati wina anaidula ndi chikwanje asanamalize kuipanga. Buti yake inali chitseko chachisanu, chotseguka chokwera m'mwamba pamodzi ndi galasi lomwe. Denga linali lalitali moti munthu ankalowa osavula chipewa. Anthu a mumsewu wawo anaipatsa dzina tsiku loyamba lomwelo: Bakha. Posakhalitsa dzinalo linagwira mwini wake, ndipo amayi, amene palibe anawafunsa maganizo, anasanduka akazi a Bakha.

Abambo sankadandaula nazo. Ankati amene anaipanga anaganizira msana wa wokwera, osati maso a anthu oima m'mbali mwa msewu. Ankati mpando wake ndi wokwera ngati wa pabalaza, sugweramo ngati m'dzenje. Ankati ikathamanga imadzitsitsa yokha kuti igwire msewu, ikafika pamaenje imadzikweza. Amayi ankamva zonsezi akudula anyezi. Chimene iwo ankadziwa n'chakuti inkamwa mafuta ngati chidakwa, ndipo kanthu kakaonongeka makaniko ankayamba wakanda kaye m'mutu. Panalinso lamulo: palibe wokhudza galimotoyo ndi sipanala mwini wake palibe. Abambo ankaima pambali pa makaniko kuyambira nati yoyamba mpaka yomaliza, manja kumbuyo, tayi ali pakhosi.

Kenako kunabwera matenda. Anayamba ngati msana wa munthu wokhalitsa pampando. Pomwe madokotala ankawatchula dzina, khansa inali italowa kale m'mafupa. Sabata iliyonse abambo ankayenera kupita kuchipatala chachikulu, kutsidya kwa tauni, kukalandira mankhwala a m'diripi. Dokotala sanabise mawu: mankhwalawo sachiritsa, amangowagwira matendawo mwendo kuti asathamange. Akasiya kulandira, athamanga. Choncho amayi anaphunzira kuyendetsa ali ndi imvi kale, mwana wawo wachisamba, amene ankagwira ntchito m'sitolo ya nsapato, atakhala pambali n'kumakuwa kuti, "Buleki, amayi, buleki!"

Apa m'pamene galimoto ija inagwira ntchito yake yeniyeni, ngakhale amayi analibe nthawi yoiona. Pafupi ndi giya panali batani. Ukalidina, galimoto yonse inkagwada, mpando n'kutsika kufika poti abambo ankangotembenuka, kukhala, n'kukokera miyendo mkati okha. Palibe ankawanyamula. Panjira, maenje ndi mahampu ankangodutsa pansi ngati nkhani za eni ake. Pobwerako abambo ankagona tulo, kukamwa kuli yasa.

Koma matumba aja anakalamba. Kudikira kwa m'mawa kunkatalika sabata ndi sabata. Tsiku lina la chipatala galimoto inadzuka mbali imodzi, mbali inayo n'kukana. Pampu inalira, inalira, inatentha, n'kusiya. Anadikira kuti izizire. Amayi anali atasambitsa munthu, atachapa zofunda, atamwetsa mankhwala, atakolopa pamene panagwera tiyi, ndipo tsopano anaima padzuwa kudikira chitsulo kuti chiganize bwino. Atafika kuchipatala anapeza mipando ya diripi itadzaza. Anakhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka, abambo akusinthasintha makhalidwe, thukuta lili kamukamu. Namwino wamkulu anawaitanira amayi pambali.

"Mayi, munthu wodwala chonchi si wobwera naye masana. Kunyumbako kulibe wotchi?"

Amayi akanati chiyani, kuti galimoto inali isanadzuke?

M'mawa mwake abambo ali chigonere, chidebe chili pambali pa bedi monga zinkakhalira akalandira diripi, amayi anatenga makiyi pamsomali osauza munthu.

Galaja inali kuseri kwa malo ogulitsira matayala, pansi pake pakuda bii ndi oilo wa zaka. Makaniko analowa kunsi kwa galimoto ndi kachitini ka madzi a sopo, n'kupaka matumba aja. Thovu linatuluka paliponse.

"Atha ngati masokosi a wapolisi, mayi," anatero akutuluka. "Ndipo kuno sapezeka. Galimoto zimenezi anapanga zochepa, anthu anazikana chifukwa cha mbuyoyi, fakitale n'kusiya. Kuitanitsa kunja, mwina mwezi, mwina kuposa apo, mwinanso akutumizirani a galimoto ina."

"Ndiye munthu ndizimubereka kumsana?"

"Ayi. Tichita zimene timachita ndi galimoto zonse zamatama ngati iyi. Tichotsa zibaluni zonsezi, tiike masipuling'i achitsulo. Ndili nawo a pikiapu, olimba, ongofunika kudulako pang'ono. Mukaliza, mwanyamuka. Nkhani imeneyi simudzabwera nayonso kuno mpaka dziko lidzathe." Anapukuta manja pa ovolosi, n'kuyang'ana kumsewu ngati akudikira wina. "Koma a Bakha akudziwa? Paja iwo aja safuna ndigwire ngakhale nati iwo palibe."

"A Bakha akusanza. Ndikawatenge ndi chidebe chomwe kuti adzaime pano?"

Makaniko anayamba kuseka, n'kusiyira panjira.

"Ikani zitsulozo," anatero amayi. "Ndatopa n'kupembedza galimoto. Wofunika kupembedza ndili naye kale kunyumba."

Makanikoyu anali wachangu, ndipo chinthu akachiweruza kuti chafa sankataya nacho nthawi. Mabawuti a matumba aja anali atachita dzimbiri, choncho anatenga mpeni n'kung'amba rabala kuti afike msanga pachitsulo. Timapaipi anatidula ndi pulayala. Pampu anaizula n'kuiponya pamulu wa zakutha. Amayi anaona zonsezi atakhala patayala lakale, akuodzera. Kanali koyamba m'masabata ambiri kukhala pansi masana popanda wowaitana.

Pobwerera galimoto inkagunda pansi ndithu, koma amayi, amene msana wawo unali wamoyo, anangoti mumtima: yalimba.

Tsiku la chipatala litafika, galimoto inali chiimire pabwalo, yaitali kuposa kale, mbuyo ili m'mwamba. Abambo anatuluka ndi ndodo yawo, anaima, n'kuiyang'ana nthawi yaitali.

"Lero yadzuka yokha?"

"Yadzuka. Tiyeni, tisachedwe."

"Igwaditseni."

Amayi anadina batani. Palibe chinachitika. Anadinanso, ndipo m'pamene zinawafika m'mutu kuti chogwaditsa chija chinali mpweya womwe uja. Pagalaja paja sanaganizeko n'komwe.

Mpando unali pamwamba pa chiuno cha abambo. Anayesa kukweza mwendo, nkhope n'kusintha mtundu. Mapeto ake mwana wachisamba anawagwira m'khwapa, amayi anagwira miyendo, n'kuwakweza ngati thumba la simenti. Thalauza, limene linali litakula chifukwa cha kuwonda, linatsika. Mayi wa nyumba yoyandikana anali akuyanika zovala, ndipo anayesetsa kuyang'ana pachingwe chake.

"Pepani, ababa," anatero mwana uja akuwakonza lamba.

Ulendo unayenda mpaka pahampu yoyamba, ya pafupi ndi sukulu. Amayi anaikwera pang'onopang'ono monga mwa masiku onse. Mbuyo inadumpha. Abambo anakuwa, kukuwa kumene amayi anali asanakumvepo m'zaka zonse za ukwati wawo, kwa mwana woponda khala la moto.

Amayi anaimika pambali.

"Mwaika chiyani?" anafunsa abambo mpweya utabwerera.

"Masipuling'i."

"A chiyani?"

"A pikiapu."

Abambo anatseka maso. "Ndiye kuti ndine katundu."

"Inkatichedwetsa, abambo. Ndinakuuzani zimene ananena namwino uja."

"Matumba aja ali kuti?"

"Kugalaja."

"Athunthu?"

Amayi anayang'ana kutsogolo, manja ali pachiwongolero.

"Yendetsani," anatero abambo. "Kutsikanso n'kovuta chimodzimodzi."

Tsiku limenelo amayi anaudziwa msewu umene ankati amaudziwa: zigamba za phula, ming'alu, chivundikiro cha ngalande pafupi ndi banki, njanji. Zonsezi zinali pomwepo nthawi yonseyi, galimoto inkangozimeza osanena kanthu. Tsopano chilichonse chinkakwera molunjika kudzera mumpando mpaka m'fupa. Magalimoto ankaliza mahutala kumbuyo. Dalaivala wina wa lole anatulutsa mutu pawindo.

"Amayi, ngati mukuphunzira, kaphunzireni kubwalo la mpira!"

Abambo analuma kolala ya jekete mpaka inanyowa. Pobwerera, mankhwala ali m'thupi, zinaposa apo. Atawatsitsa anagona osafuna kuti munthu akhudze ngakhale mwendo wa bedi.

Amayi anabwerera kugalaja. Makaniko atangowaona nkhope anazimitsa wailesi.

"Bwezerani zija."

"Ziti, mayi?"

"Zibaluni zanu zija."

Anawatengera kuseri. Thumba lina linali litadulidwa timalamba tomangira mabampala. Lina linali pansi pa jeke, litaphwatalala. Pampu anali atapatsa mnzake wopopa matayala, amene anaimasula kale pofuna kamota ka mkati.

"Munandiuza nokha, mayi."

"Ndikudziwa chimene ndinakuuzani. Sindinabwere kudzaimba mlandu munthu. Ndikufunsa chochita."

"N'kuitanitsa basi. Koma tsopano n'zonse: matumba, pampu, mapaipi." Anakanda m'mutu. "Akanakhala athunthu tikanawamata zigamba, akanakupirirani kanthawi podikira atsopano."

"Nanga bwanji simunanene tsiku lija?"

"Munati mwatopa, mayi."

Amayi anamuuza kuti aitanitse. Iye anagwada n'kuchotsako mpweya m'matayala onse, ati kuti izigunda mofewerako. Sanawayang'ane m'maso pamene ankawapatsa makiyi.

Kunyumba anayesa zimene zikanayesedwa. Anayala mapilo pampando, koma mapilo anangokweza mpando umene unali wokwera kale. Anabwereka galimoto ya mwamuna wa mayi woyandikana uja, imodzi mwa zija za buti yotulukira kumbuyo. Inali yotsika kwambiri moti kuti munthu alowe ankayenera kudzipinda pakati, ndipo abambo anafika polowetsa mutu wokha n'kubwerera. Mwana wachisamba ndiye anabwera ndi nzeru ina. Anapinda mipando ya kumbuyo, anayala matiresi, anatsegula chitseko chachisanu chija, n'kukawaitana abambo kuti aone pawindo.

"Taonani, ababa. Mugona bwinobwino ngati pabedi. Tizikulowetsani cha kumbuyo."

Abambo anayang'ana matiresi, n'kuyang'ana mwana wawo.

"Cha kumbuyo, chogona, anthu atandinyamula? Dikira pang'ono, mwanawe. Ulendo umenewo ukubwera wokha, usandiyeseze."

Mwana uja analowa kubafa n'kutsegula mpopi kuti asamveke.

Tsiku la chipatala litakwananso, amayi anasita shati, anaika madzi akumwa m'chikwama, n'kulowa kuchipinda.

"Sindikwera," anatero abambo.

"Mwati chiyani?"

"Mwamva."

Amayi anakalipa, chifukwa ndi chimene ankachidziwa. Anati iwo sanaphunzire kuyendetsa ndi imvi kuti munthu adzagone chagada n'kumasankha. Anati ululu wa panjira umatha, koma chimene chili m'mafupacho sichidikira. Anati dokotala ananena kuti akasiya...

"Ndinali pomwepo, amayi. Makutu ndiwo atsala abwino." Abambo ankalankhula akuyang'ana kudenga. "Mankhwala aja amandipatsa masiku, sindikukana. Koma msewu uja ukundilanda ambiri kuposa amene akundipatsa. Ndikamadzuka kuchokera ku ulendo wina, winanso wafika."

Masana namwino wamkulu anaimba foni. Anati odikira malo ndi ambiri. Akaphonyanso sabata yotsatira, mpando wawo apatsa wina.

Amayi sanali munthu wokhala pansi n'kugwira tsaya. Anatenga beseni lochapira mbale, analidzaza madzi mpaka pafupi ndi kukamwa, analiika pampando wa abambo, analizinga ndi mapilo, n'kulimanga lamba. Anati akapeza njira yofika kuchipatala madzi osatayika, ndiye kuti msana ungapirire. Abambo akagona masana, iwo ankatuluka. Anayesa ya kuseri kwa msika, anapeza kuti akukumba mapaipi. Anayesa ya kumtunda kwa nyumba za olemera, anapeza mahampu otsatizana ngati mizere ya m'munda. Ankayenda pang'onopang'ono moti apanjinga ankawapitirira n'kucheuka. Wapolisi wina anawaimitsa, anasuzumira, anaona beseni litavala lamba, anawayang'ana amayi kumaso, n'kuwakodola kuti azipita osafunsa kanthu. Tsiku lililonse ankabwerako siketi itanyowa mbali imodzi. Ankaimbiranso makaniko, ndipo tsiku lililonse makaniko ankati akufufuza.

Litatsala tsiku limodzi kuti la chipatala likwanenso, anapeza njira ya kumafakitale. Inali yozungulira, koma phula lake linali latsopano chifukwa cha malole. Atabwerako sanathire madzi pamaluwa monga ankachitira. Ananyamula beseni mpaka kuchipinda kuti akaonetse.

Abambo anali maso.

"Mwayenda bwanji ndi mnzangayo?"

Amayi anaima pakhomo. "Wakuuzani ndani?"

"Mwana wanu ali ndi pakamwa ngati mayi ake. Bweretsani ndimuone."

"Ndapeza njira ya kumafakitale. Ndi yaitali, koma ndi yosalala. Taonani, atayika pang'ono chabe."

Abambo anadzutsa mutu movutikira. Madzi anali pakati pa beseni.

"Atayikira pati?"

"Panjanji."

"Pokha?"

"Ndi pageti la chipatala. Pali kachitunda paja." Amayi anayang'ana m'beseni. "Ndi potuluka pano pabwalo."

"Njanji simungaizungulire, amayi. Imadula tauni yonse pakati."

"Ndiziiwoloka chopingasa, tayala limodzilimodzi. Lero ndayesa kamodzi, sanatayike kwambiri. Komanso makaniko akuti katundu uja wanyamuka."

"Wanyamuka kuti?"

"Sananene."

Abambo anaseka. Kusekako kunawapweteka, anasiya, n'kudikira kuti ululu udutse.

"Khalani pansi, mwanyowa."

"Ndili ndi zochapa."

"Khalani, amayi."

Anaika beseni pansi, n'kukhala m'mphepete mwa bedi mosamala, kulemera kwawo konse kuli kumapazi kuti matiresi asagwedere. Kunja wina ankamenya chitsulo ndi hamala. Abambo anatambasula dzanja n'kugwira nsalu yonyowa ya siketi, kuifinya pang'ono ndi zala.

"Muwaimbire a kuchipatala. Mpando wanga apatse wina amene angafikeko. Muwapemphe a ululu okha, a m'botolo aja. Amenewo mukhoza kukatenga nokha, muthamange mmene mungafunire. Injini ija simunaimvepo ikakwiya, mumangoiyendetsa ngati ngolo."

"Tiyese kamodzi kokha, abambo. Mawa lokha."

"Ayi."

Amayi anatsegula pakamwa kuti anene za tsiku lija anatenga makiyi pamsomali. Abambo anawatsogolera.

"Musayambe. Mwanyamula zambiri m'nyumba muno. Chimenecho chisiyeni pansi."

"Sichisiyika."

"Ndiye chinyamuleni mwakachetechete, mutu ukundipweteka."

Amayi ankayang'ana botolo la mafuta opaka pa tebulo, n'kumaganiza kuti latsala pang'ono kutha, afunika kugula lina.

"Madzi atsalawo musataye," anatero abambo. "Muwatenthetse, mundipukute kumsanaku."

Amayi ananyamula beseni ndi manja awiri kupita nalo kukhitchini. Mwana wachisamba anali atangoweruka kuntchito, ataima pasinki chikwama chikadali paphewa.

"Bwanji, amayi? Akwera mawa?"

"Yatsa chitofu," anatero amayi. "Ukatero undipezere nambala ya namwino uja."